Pasiwedi ya pa app ndi loko wa kuchipinda: nanga makiyi a nyumba ali ndi ndani?

Awa ndi mawu amene tinayankhula pa kukumana kwathu kwa za chitetezo cha mafoni ndi makompyuta. Tawalemba kuti amene simunabwere muwerenge. Ndi aatali, koma ndi mawu okhaokha, sakudyerani bando.



Funso limene limabwera pafupipafupi mu inbox ndi ili: "Ndinaika pasiwedi pa WhatsApp, Gallery ndinaloka, foda ya mayina pa laputopu ndinaibisa. Ndiye ndili bho eti?" Ife timayankha ndi funso linzake: admin wa chipangizocho ndi ndani? Ngati pali munthu wina amene ali ndi mphamvu za admin pa foni kapena pa kompyuta imene mukugwiritsa ntchito, pasiwedi ya pa app imangomuchedwetsa mphindi zochepa basi. Nkhani ya lero yagona pamenepo. Tifotokoza chifukwa chake, kenako tikambirana chochita.

*Admin ndi ndani?*

Mawu oti admin tonse timawadziwa chifukwa cha magulu a pa WhatsApp. Admin amalowetsa munthu, amachotsa munthu, amatseka gulu kuti azilemba yekha, amafufuta uthenga wa wina aliyense. Membala wamba akhoza kudandaula mpaka mawa, koma sangasinthe kanthu.

Pa kompyuta zilinso chimodzimodzi, kungoti mphamvu zake ndi zazikulu kuposa pamenepo. Pa Windows pali mitundu iwiri ya akaunti imene ambirife timakumana nayo: ya Administrator ndi ya Standard. Wa Standard amagwira ntchito zake, amasunga mafayilo ake, koma sangasinthe zamkati mwa makina ndipo sangalowe m'mafoda a anzake. Wa Administrator amaika ndi kuchotsa mapulogalamu, amazimitsa chilichonse chimene chikuyenda, amasintha zilolezo za fayilo iliyonse. Akaunti yoyamba imene imapangidwa tsiku loika Windows imakhala ya Administrator. Ndiye taganizirani malaputopu athuwa: akaunti ndi imodzi, pasiwedi yake nyumba yonse ikuidziwa, ena ilibe n'komwe. Kutanthauza kuti aliyense wokhala pampando pamenepo ndi admin, kaya ndi mlongo wanu, msuweni amene wabwera ku holide, kapena mnzanu amene wabwereka kuti alembe CV.

Ambirife timakhala m'nyumba za lendi, kaya ku Ndirande, ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Chibavi. Mukagula loko wabwino n'kukhoma chipinda chanu, mnzanu wa chipinda chinacho salowa. Koma mwini nyumba atafuna kulowa, salimbana ndi loko wanuyo. Amaitana kalipentala, amazula chitseko chonse n'kuchitsamiritsa pakhoma, loko wanu ali chikhomere. Pulogalamu yoloka ma app ili ngati loko ameneyo. Imakhala m'nyumba ya eni, imayenda chifukwa makina ailola, ndipo amene amalamula makinawo ndi admin.

*Zimene admin amachita ndi loko wanu*

Apa sitikuulula chinsinsi cha boma ayi. Wophunzira IT aliyense wa chaka choyamba amazidziwa izi.

Mapulogalamu ambiri oloka ma app amagwira ntchito ngati mlonda wa pageti. Amadikira kuti mutsegule app inayake, kenako amaika sikirini yofunsa pasiwedi patsogolo pake. Admin amatsegula Task Manager n'kumuzimitsa mlondayo. Akapanda kutero amangochotsa pulogalamu yonseyo. Ena mwa mapulogalamuwa amafunsa pasiwedi asanachotsedwe, n'zoona, koma admin amayatsa kompyuta mu Safe Mode, momwe Windows imadzuka ndi zinthu zake zofunikira zokha, mlonda uja osadzuka nawo.

Nthawi zambiri safunikanso kuvutika choncho. App ndi khomo lolowera chabe, koma zithunzi, makalata ndi mndandanda wa mayina ndi mafayilo amene ali pa disiki. Mukaloka app yoonera zithunzi, zithunzizo zikadali mufoda yake, ndipo pulogalamu ina iliyonse ikhoza kuzitsegula. Mapulogalamu ena "obisa foda" amangouza Windows kuti fodayo isamaoneke pamndandanda. Munthu wodziwa amaionetsa, amakopera pa flashi, n'kumapita.

Ngakhale mutakhala ndi akaunti yanuyanu, admin akhoza kudzipatsa umwini wa mafoda anu, kapena kusintha pasiwedi ya akaunti yanu ya pa makinapo n'kulowa ngati inuyo. Choopsa kwambiri n'chakuti akhoza kuika keylogger, kapulogalamu kolemba batani lililonse limene mukudina. Zikatero pasiwedi yanu, kaya ndi yaitali ngati msewu wa M1, mumamupatsa nokha.

*Eni ake mapulogalamu amavomereza*

Mwina wina akuti, aaa, awa ndi maganizo a ma graduate osowa ntchito. Chabwino, tiyeni timve kwa opanga zinthuzi.

M'chaka cha 2000, katswiri wa za chitetezo ku Microsoft, Scott Culp, analemba malamulo khumi a chitetezo cha makompyuta amene anati sasintha. Awiri mwa iwo ndi nkhani yathu yomweyi. Lina limati munthu woipa akakhala ndi kompyuta yanu m'manja mwake popanda womuletsa, kompyutayo si yanunso. Linalo limati chitetezo cha kompyuta chimathera pa kukhulupirika kwa admin wake. Papita zaka zoposa 20, Windows yasintha kangapo, koma mfundo ziwirizi zikadali pomwepo.

Google nayo imanena poyera kuti Chrome singakutetezeni kwa munthu amene walowa pa kompyuta ndi akaunti yanu. Mukafuna kuona ma pasiwedi amene Chrome inakusungirani, imafunsa pasiwedi kapena PIN ya Windows. Ngati nyumba yonse ikuidziwa, ndiye kuti Facebook yanu, imelo yanu, zonse zili pa mbalambanda.

Ngakhale Signal, imene ambirife timaidalira, inakumana ndi nkhani yomweyi. Mu 2018 zinadziwika kuti Signal ya pa kompyuta inkasunga kiyi wotsegulira mauthenga mukafayilo kosabisika, pa kompyuta yomweyo. Mu 2024 nkhaniyi inabukanso, anthu anakwiya, ndipo Signal inasintha kasungidwe ka kiyiyo. Koma mtsogoleri wake, Meredith Whittaker, anafotokoza kuti vutoli limafuna munthu amene walanda kale chipangizo chonse, ndipo zikafika pamenepo palibe app imene ingalonjeze chitetezo chokwanira. Ngati a Signal akunena choncho, ka AppLock kaulere kodzaza ndi zotsatsa malonda kangakulonjezeni chiyani?

*Nanga pa foni?*

Pa foni simuona mawu oti Administrator, koma mphamvu zake zilipo. Amene akudziwa PIN kapena pateni yotsegulira foni, ameneyo ali ngati admin.

WhatsApp ili ndi loko wa chala, ndipo mu 2023 inabweretsa Chat Lock yobisa macheza ena. Ndi zinthu zabwino. Koma loko wa chala amadalira zala zimene foni ikuzidziwa, ndipo munthu wodziwa PIN amalowa mu Settings n'kulembetsa chala chake. Foni siifunsa kuti chalachi n'cha ndani. Pa iPhone, kuyambira iOS 18 mukhoza kuloka app ndi nkhope, koma nkhope ikakanika foni imalola passcode, pokhapokha mutayatsa Stolen Device Protection.

Ma app oloka ochokera pa Play Store ndiye ofooka kwambiri. Mafoni a Android ali ndi Safe Mode yawo, momwe ma app onse oika nokha sayenda, kuphatikizapo wolokayo. Munthu amalowa mmenemo, amamuchotsa, basi. Loko wobwera ndi foni, ngati amene ali m'mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix, ndi wolimbirako chifukwa ndi mbali ya makina. Komabe zithunzi, ma voice note ndi ma PDF a pa WhatsApp amakhala mufoda ya pa foni imene File Manager imatsegula. Mwaloka WhatsApp, mwaloka Gallery, koma File Manager ili pululu. Onjezerani mauthenga amene amaonekera pamwamba pa sikirini akangofika, ndiye muona kuti mipata ndi yambiri.

Palinso Linked devices. Munthu akapeza WhatsApp yanu yotsegula kwa mphindi imodzi, ndipo PIN akuidziwa, akhoza kuilumikiza ku kompyuta yake n'kumawerenga macheza anu ali kwawo. Loko wa pa foni yanu sakhudza kompyuta yakeyo.

Ndipo inu amene munapanga root foni kuti muziika zinthu zaulere, dziwani kuti root ndi admin wa ma admin. Android imamanga mpanda pakati pa app ndi app inzake kuti zisaonerane zamkati. Root imadumpha mpandawo. App iliyonse imene mwaipatsa root ikhoza kuwerenga za ma app ena onse.

*Ma admin amene timawaiwala*

Tiyeni tiwerenge anthu amene ali ndi makiyi a nyumba zathu.

Woyamba ndi amene anakuikirani Windows kumsika kapena pa shopu. Kodi munayang'anapo kuti pa laputopupo pali maakaunti angati? Wachiwiri ndi wokonza mafoni. Akati "siyani PIN kuti tiyese ngati sikirini ikugwira", mwamusiyira zonse. Ambiri mwa iwo ndi anzathu ofuna kupeza ya ndiwo moona mtima, sitikuwanyoza. Koma simungadziwe amene agwire foniyo inu mutachoka.

Wachitatu ndi mwini intaneti kafe kapena malo osindikizira makalata. Kompyuta ndi yake, admin ndi iyeyo. Wachinayi ndi a IT a kuntchito kapena kusukulu. Amene muli ndi mwayi wa internship, laputopu ya kuofesi ili ndi eni ake, ndipo iwo amatha kuona ndi kuika zinthu ali patali. Zimenezo ndi ntchito yawo, sakulakwa. Cholakwika n'kusunga za gulu pamenepo.

Wachisanu ndi amene amalanda chipangizo. Izi si nthano. Mu April 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe ku Blantyre ndipo anatenga foni ndi makompyuta. Chipangizo chikachoka m'manja mwanu kwa usiku umodzi, lamulo la Culp lija layamba kugwira ntchito.

Kuti tione zimene zimatheka chipangizo chikakhala m'manja mwa ena, tiyeni tipite ku Serbia, ku Ulaya, komwe akatswiri anafufuza mafoni otere. Mu December 2024 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti lofotokoza za mtolankhani Slaviša Milanov. Apolisi anamutengera ku siteshoni, foni yake anaisiya pa kauntala, ndipo PIN sanamufunse. Kafukufuku anapeza kuti foniyo inatsegulidwa ndi makina a kampani ya Cellebrite, n'kuikidwamo pulogalamu yaukazitape yotchedwa NoviSpy. Chitsanzo china ndi Pegasus ya kampani ya NSO Group ya ku Israel. Mu 2019 WhatsApp inasumira kampaniyi chifukwa cha mafoni pafupifupi 1,400 amene analondoledwa. Pegasus siivutika n'kuthyola chitetezo cha mauthenga ali m'njira. Imadzipatsa mphamvu zapamwamba pa foniyo n'kumawerenga zimene inu mukuwerenga. Sitikunena kuti aliyense pano akusakidwa ndi zida zodula chonchi. Ambirife amene angatipweteke ndi munthu wapafupi wodziwa PIN. Koma njira yake ndi imodzi: wotenga mphamvu za admin wadutsa maloko onse a pa app.

*Kuloka ndi encryption ndi zinthu ziwiri*

Apa mvetsetsani, chifukwa yankho lili pamenepa. Kuloka app kumaika mlonda pakhomo, katundu ali momwemo. Encryption imasandutsa fayilo yeniyeniyo kukhala zinyalala zosawerengeka, ndipo imabwerera mwakale pokhapokha kiyi wolondola ataperekedwa. Admin akhoza kuikopera, akhoza kuifufuta, koma kuiwerenga sangathe ngati kiyiyo alibe.

Windows yomweyo imatipatsa umboni. Ili ndi njira yotchedwa EFS yobisa mafayilo mogwirizana ndi pasiwedi ya mwini akaunti. Admin akasintha pasiwediyo mokakamiza, amalowa mu akaunti, koma mafayilo aja satseguka, chifukwa kiyi wake anamangidwa ku pasiwedi yakale. Mphamvu za admin zimathera pamene masamu ayambira.

Koma nayonso encryption ili ndi malire ake, tisanamizane. BitLocker ya Windows ndi FileVault ya Mac zimabisa disiki yonse. Zimakutetezani kwa wakuba kapena wolanda laputopu ili yozimitsa, amene popanda izo akanangochotsa disiki kapena kuyatsa makina ndi flashi n'kuwerenga zonse osafunsidwa pasiwedi. Koma sizikutetezani kwa admin mnzanu wa pa makina omwewo, chifukwa iye akhoza kuzimitsa BitLocker kapena kutenga kiyi wake wa manambala 48. Kwa ameneyo mufunika chinthu cha pasiwedi yakeyake, monga VeraCrypt kapena fayilo ya 7-Zip yotsekedwa ndi AES-256. Zonse ziwiri ndi zaulere. Nazonso zimateteza fayilo ikakhala yotseka. Mukaitsegula pa makina a keylogger, zatha. N'chifukwa chake timati pa kompyuta imene admin wake simukumukhulupirira, palibe pulogalamu imene ingakupulumutseni. Osatsegulirapo za gulu, basi.

*Ndiye tichite chiyani?*

Choyamba, lero lomwe yang'anani maakaunti a pa laputopu yanu. Amene simukuwadziwa achotseni. Akaunti ya Administrator ikhale ndi pasiwedi yodziwa inu nokha. Aliyense wobwereka mupangireni ya Standard. Inunso ntchito za tsiku ndi tsiku muzigwirira pa Standard, kuti kachilombo kakalowa kudzera pa flashi kapena pa pulogalamu ya crack kasapeze mphamvu zonse. Windows ikafunsa ngati mukulola pulogalamu kusintha zinthu pa makina, werengani musanadine Yes. Pamenepo mukupereka makiyi.

Chachiwiri, ngati laputopu ndi ya pabanja ndipo admin ndi achimwene kapena bambo, musakangane nawo. Ingovomerezani kuti si malo osungira mayina, manambala kapena mapulani. Chimodzimodzi ya kuntchito ndi ya kukafe. Zikakukakamizani kulowa imelo pa makina a eni, tulukani bwinobwino ndipo musinthe pasiwedi mukafika pa foni yanu.

Chachitatu, limbitsani PIN ya foni, chifukwa ndiye kiyi wamkulu. PIN ya manambala 4 ili ndi njira 10,000 zokha, ya manambala 6 ili ndi 1,000,000, ndipo mawu angapo osakaniza ndi manambala amaposa zonsezi. Chaka chobadwa ndi pateni ya L ija, chonde zisiyeni. Yang'anani zala zolembetsedwa mu Settings, ngati zachuluka fufutani zonse muyambirenso. PIN siiperekedwa ngati umboni wa chikondi.

Chachinayi, ngati foni yanu ili ndi Secure Folder ya Samsung kapena Private Space ya Android 15, gwiritsani ntchito zimenezo m'malo mwa ma app oloka a pa Play Store, ndipo muikepo pasiwedi yosiyana ndi ya foni.

Chachisanu, pa WhatsApp yang'anani Linked devices sabata iliyonse, chimene simukuchidziwa chichotseni. Yatsani two-step verification. Backup yanu ikhale ya end-to-end encrypted, njirayi ilipo kuyambira 2021 koma muyenera kuiyatsa nokha. M'magulu a ntchito yathu yatsani mauthenga ozimirira okha, kaya a maola 24 kapena a masiku 7. Chimene chafufutika kale, wotsegula foni mawa sachipeza pa macheza.

Chachisanu ndi chimodzi, foni isanapite kokakonzedwa chotsani SIM ndi memori khadi, tulukani m'maakaunti, ndipo ngati n'kotheka khalani pomwepo akamakonza. Mafoni ena a Samsung ali ndi Maintenance mode yopangidwira zimenezi.

Chachisanu ndi chiwiri, mukaona kuti foni ikhoza kulandidwa, izimitseni kotheratu. Foni imene yangoyatsidwa ndipo PIN sinalowetsedwe imakhala yovuta kuthyola kuposa imene yatsegulidwapo kale. Chipangizo chikabwerera kuchokera m'manja mwa ena, musachikhulupirire. Uzani ma admin a gulu nthawi yomweyo, sinthani ma pasiwedi pogwiritsa ntchito chipangizo china, ndipo chobwereracho chifufutidwe chonse musanayambe kuchigwiritsanso ntchito.

*Mawu awiri omaliza*

Sitikunena kuti muchotse maloko a pa app. Ali ndi ntchito yake. Amaletsa mwana amene akusewera gemu, mnzanu amene wabwereka foni kuti aimbe, ndi maso a woyandikana naye mu minibasi. Muwasiye, koma muziwadziwa msinkhu wake. Choopsa ndi mtima umene amatipatsa, woti poti ndaloka ndikhoza kusunga chilichonse.

Chinanso, zimene takambazi si zoti mukayesere pa foni ya chibwenzi kapena ya mnzanu wa chipinda chimodzi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'zinthu za munthu pa kompyuta popanda chilolezo. Komanso ife amene timadandaula tikamazondedwa, sitingakhale akazitape a anzathu. Ngati ndinu admin wa laputopu imene ena amabwereka, akukhulupirirani, musawagwiritse mwala.

Kumbukirani kuti zimene zili mufoni mwanu si zanu zokha. Muli nambala ya mnzathu amene akugwira ntchito m'boma ndipo abwana ake sakudziwa kuti ali nafe. Muli voice note ya mtsikana amene makolo ake anamuletsa kubwera kuno. Muli dzina la munthu amene anasonkha ya transipoti n'kupempha kuti asatchulidwe. Anthu amenewa sanasankhe PIN yanu, sanasankhe amene mumamubwereka laputopu, koma zikaululika ndi iwo amene adzalipire. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye musanagone lero chitani zinthu zitatu: maakaunti a pa laputopu, zala za pa foni, Linked devices. Mphindi khumi zikukwana. Amene zikukuvutani bwerani ndi chipangizo chanu pa kukumana kotsatira, tidzakhala nanu pansi, koma PIN mudzalowetsa nokha.

Tumizirani mnzanu amene sanabwere.